MOTOKA YOCHIPA IKUDYA MPAMBA WA AMALONDA, BOMA LILI PHEE

Lero tikambe nkhani ya motoka.

Amai anga aang'ono agulitsa tomato ku Soweto zaka 14 manje. Analema kulipira hire nthawi zonse akapita kukaoda ku mafamu, ndiye anaganiza zogula kamotoka kao. Anasunga ndalama ya chilimba, anatengako nkhongole ku village banking, napita pa yard ina muno mu Lusaka. Anapeza Probox yoyera, yotsukidwa bwino, mtengo K85,000. Pa dashboard inaonetsa makilomita 89,000. Wogulitsa anati, "Mami, iyi ni fresh, yenze ya nkhalamba ku Japan, yenze kuyenda chabe pa Sande."

Patapita miyezi itatu giyabokosi inafera pa Great North Road, mabokosi a tomato ali kumbuyo, dzuwa lili pamutu. Makanika atatsegula boneti anaona kapepala komata ka service ka ku Japan. Kanaonetsa makilomita opitirira 200,000, ndipo kanamatidwa motoka isanakwere ngakhale sitima. Tomato inaola, giyabokosi ina inadya K14,000, nkhongole ikali kuyembekeza mwezi ndi mwezi. Atabwerera pa yard anauzidwa kuti, "Munaiona mweka, munasaina." Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ena adzati ni vuto lao, anagulira chani chinthu chokalamba? Funso limeneli afunsa ni anthu amene sananyamulepo bokosi ya tomato pa 04 koloko m'mawa. Wamalonda sagula motoka kuti azionetsera. Agula kuti katundu afike msanga, kuti phindu isathere mu hire. Ku banki chiwongoladzanja chipitirira 25 peresenti, futi afuna payslip kapena pepala ya nyumba. Munthu wa pa kantemba payslip aichotsa kuti? Ndiye atenga ndalama imene ali nayo nagula motoka imene ndalamayo ikwanitsa. Nthawi zambiri imeneyo ni motoka imene ku Japan anaitaya kale.

Timvetsetsane. Makilomita ambiri paokha si tchimo. Toyota imene yayenda 200,000 koma mwini wake anali kusintha oyilo pa nthawi yake ikhoza kukutumikirani zaka. Choipa ni bodza. Wina abweza mita kumbuyo, akugulitsani motoka ya 200,000 pa mtengo wa motoka ya 89,000, ndipo inu simudziwa kuti ma shock, ma bush, pampu ya madzi ndi giyabokosi zonse zili pafupi kufa. Uku ni kuba. Kusiyana kwake ndi kupisa m'thumba ni kwakuti uyu wakuba ali ndi risiti buku.

Manje onani mmene boma lidyera pa motoka imodzimodziyo. Ikatsika pa doko la Dar es Salaam iyenda makilomita pafupifupi 2,000 kuti ifike mu Lusaka. Pa Nakonde ZRA itenga duty, ndipo motoka yopitirira zaka zisanu ilipiranso surtax pamwamba. Ndiye kuti wosauka, amene sangakwanitse yatsopano, alipiritsidwa chifukwa cha kusauka kwake. Pambuyo pake pali registration, road tax, fitness, carbon tax, inshuwalansi, ndi K20 pa toll gate iliyonse. Pa sitepe iliyonse pali dzanja lotambasula. Koma pa tsiku limene amai anamizidwa pa yard, manja onsewo anali m'thumba.

Nanga mafuta? Mu August 2021 petulo inali K17.62 pa lita. Anatilonjeza kuti idzatsika. Mu December chaka chomwecho anachotsa sabuside, mtengo unakwera, ndipo ERB inayamba kusintha mitengo mwezi uliwonse. Mu 2024 lita inadutsa K30, dola inadutsa K27. Spare iliyonse ibwera ndi dola. Wamalonda apanga bwanji bajeti pamene sadziwa kuti mwezi wamawa adzathira mafuta pa zingati? Akatiuza kuti manje kwacha yalimba, ayende nafe ku mashopu a ma spare, atiwerengere okha zimene zatsika mtengo.

Chimene chinandiwawa maningi ni ichi: mu bajeti ya 2024 anachotsa duty pa motoka za magetsi. Chaka chomwecho malaiti anafika pozima maola 17 ndi kupitirira pa tsiku. Ndani pa Soweto adzagula motoka ya magetsi, aitchaje kuti? Thandizo linapita kwa amene ali nazo kale. Probox, Noah ndi Canter, zimene zinyamula chakudya cha mzinda uno, zikali kulipira zonse.

Adzayankha kuti malamulo alipo. Zoona, alipo. Motoka zifunika kupimidwa zisanachoke kumene zichokera, ndipo CCPC inakhazikitsidwa kuti iteteze ogula. Koma ndikufunseni inu amene muli pa msika tsiku ndi tsiku: munamvapo wogulitsa motoka angati amene analangidwa chifukwa chobweza mita? Munaonapo ofesala abwera pa msika kudzakuuzani kumene mungadandaule? Levy ikachedwa tsiku limodzi a kanselo afika pa tebulo panu m'mawa. Lamulo limene lithamanga potenga koma litsimphina poteteza si lamulo la anthu.

Adzatinso CDF inakwezedwa, inafika K25.7 miliyoni pa constituency mu 2022 ndipo yakhala ikukwera. Chabwino. Pa msika panu, ni gulu liti la amalonda limene linapatsidwa nkhongole yokwanira kugula van yabwino yonyamulira katundu? Ngati lilipo tiuzeni, tidzaombera m'manja.

Ise monga achinyamata a chipani tifuna zinthu zinayi, ndipo palibe chovuta apa.

1. Makilomita alembedwe pa white book motoka ikalowa m'dziko, ndipo RTSA iziwalemba pa fitness iliyonse, kuti wogula azitha kufunsa asanalipire.
2. Kubweza mita kukhale mlandu woonekera poyera, wogulitsa abweze ndalama ndi kulandidwa laisensi.
3. Duty ndi surtax zitsike pa motoka zonyamula katundu wa amalonda ang'onoang'ono.
4. Magulu a pa msika apatsidwe nkhongole ya chiwongoladzanja chotsika yogulira motoka imodzi yabwino pamodzi, m'malo moti aliyense azigula chiphakasa chake.

Koma pamene tikali kumenyera zimenezi, musadikire boma kuti likutetezeni. Safunsa anadya phula. Mukafuna kugula, pitani ndi makanika wanu, osati wa pa yard. Pitani m'mawa injini ikali yozizira, muilize muli pomwepo. Utsi wa buluu utanthauza kuti idya oyilo. Tsegulani chotsekera oyilo: mukaona zoyera monga mkaka, madzi alowa mu injini, chokanipo. Onani mphira ya pa buleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaiva. Ngati zatha koma mita ikamba 70,000, wina akunama. Funani tumapepala twa service pa chitseko ndi mu boneti. Pemphani auction sheet ndi export certificate za ku Japan, chifukwa makilomita alembedwamo. Iyendetseni pa chitunda, mumve ngati magiya achedwa kapena agunda. Nambala ya chassis ifanane ndi ya pa white book, dzina la pa white book lifanane ndi NRC ya wogulitsa, ndipo musinthe umwini msanga. Lembani makilomita pa pepala ya mgwirizano, wogulitsa asaine. Akakana kusaina, wakuuzani kale zoona.

Chomaliza, musathire mpamba wonse mu motoka. Siyani ndalama ya matayala, service ndi spare yoyamba, chifukwa idzafunika. Ndipo musakhudze kaloba pa nkhani ya motoka. Ngati masamu sakugwirizana, pitirizani hire kapena gwirizanani anthu anayi. Palibe manyazi pamenepo.

Amai anga aang'ono akali pa tebulo pao. Probox iyenda masiku ena, masiku ena igona kwa makanika, ndipo nkhongole idzatha chaka chamawa. Sanabe, sanapemphe, anangofuna kuti bizinesi ikule. Boma linatenga gawo lake lonse pa motoka ija, ndipo silinawabwezere chitetezo ngakhale cha ngwee imodzi.

Ngati zinakuchitikiraniponi, lembani pansipa mtundu wa motoka, makilomita amene anakuuzani ndi amene munapeza. Musatchule maina a anthu. Tidzasonkhanitsa nkhanizi ndi kuzipereka kwa aphungu kuti akafunse mu Parliament. Tumizirani anzanu a pa msika. NRC ndi voter's card musunge pabwino, chifukwa amene atenga levy ndi duty yanu afunika kudzayankha kwa inu.



Mlembi wa Achinyamata