ZA M'MAIKO ENA: Mowa wamoyo umene Angerezi amafulula pakhomo

Anthu ambiri kuno kumalire amaganiza kuti mzungu sadziwa kufulula mowa pakhomo, amangogula wa m'botolo basi. Zimenezo si zoona ayi. Ku Britain kuli anthu amene amafulula mowa m'khitchini kapena m'kanyumba ka kuseri, ndipo umene amaunyadira koposa amautcha real ale, kutanthauza mowa weniweni. Chimene chimaupatsa dzinali n'chimodzi: mowawu umakhala wamoyo kufikira tsiku loumwa. Yisiti yake saipha, imapitiriza ntchito mumgolo momwemo.

Kalekale ku England ntchito yofulula inali ya amayi. M'zaka za m'ma 1300 mayi ankanyika barele kuti amere, kumuyanika, kumupera ndi kufulula mowa wa banja lake. Ukachuluka ankaimika mtengo pakhomo kuti odutsa adziwe kuti mowa wapsa. Mowawo sunkachedwa kusasa, kotero ankafulula pang'onopang'ono koma kawirikawiri. M'zaka za m'ma 1400 amalonda a ku Holland ndi Flanders anabwera ndi mowa wothira hops, timaluwa towawa ta chomera choyanga ngati chitedze. Hops amateteza mowa kuti usasase msanga. Mowa utayamba kusungika, anthu a ndalama anayamba kufulula wochuluka n'kumautumiza kutali, ndipo pang'onopang'ono ntchito ija inachoka m'manja mwa amayi.

Boma nalo linaikapo dzanja. Mu 1880, William Gladstone ali nduna yaikulu, anachotsa msonkho pa chimera n'kuuika pa mowa, ndipo wofuna kufulula pakhomo anayenera kukhala ndi chiphaso. Lamuloli linakhalapo kufikira 1963 pamene nduna ya zachuma Reginald Maudling inalichotsa. Kuyambira pamenepo munthu angathe kufulula mowa wakumwa iye ndi alendo ake popanda chiphaso. Kugulitsa ndiye kumafuna chilolezo ndi msonkho, ndipo kutcheza mowa waukali wonga kachasu popanda chilolezo ndi mlandu.

Chinadzutsa anthu kwambiri ndi zimene zinachitika m'ma 1960. Makampani aakulu asanu ndi limodzi anagula mafakitale aang'ono ambiri pamodzi ndi nyumba zomwera mowa. Iwo anakonda mowa wosefedwa ndi wotenthedwa kuti yisiti ife, wothiridwa mpweya wa m'chitsulo monga amachitira ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mowa wotere umasungika nthawi yaitali ndipo suvuta kugulitsa. Wotchuka kwambiri unali Watneys Red Barrel. Koma akumwa ambiri anadandaula kuti ndi wozizira, wodzaza mpweya ndi wopanda kukoma. Mu 1971 anyamata anayi a ku England, ali pa tchuthi ku Ireland, anayambitsa bungwe lomenyera mowa wa makolo awo. Mu 1973 bungwelo linatenga dzina loti Campaign for Real Ale, mwachidule CAMRA, ndipo lilipo mpaka lero. Chaka chotsatira, 1974, Dave Line anatulutsa buku lotchedwa The Big Book of Brewing, limene linaphunzitsa anthu wamba kufulula mowa wotere kuchokera ku chimera chenicheni.

Nanga amafulula bwanji? Zofunika ndi zinayi zokha: chimera cha barele, hops, yisiti ndi madzi. Barele amene ambiri amamukonda ndi wa mtundu wa Maris Otter. Hops akale otchuka ndi Fuggle ndi Goldings, amene mbiri yawo inayambira m'chigawo cha Kent. Madzi nawo ali ndi gawo lawo. Tawuni ya Burton upon Trent inatchuka ndi mowa chifukwa madzi a m'zitsime zake ali ndi mchere wa m'miyala wotchedwa gypsum, ndipo ofulula a kwina amathira mcherewu pang'ono m'madzi awo kuti afanane ndi a ku Burton.

Muyeso wozolowereka pakhomo ndi malita 23. Wofulula amatenga chimera chophwanya chokwana makilo anayi, n'kuchisakaniza ndi madzi otentha kuti phalalo likhale pa madigiri 66. Amalivundikira bwino kwa ola limodzi kapena ola ndi theka. Apa mpamene pagona luso. Pa kutentha kumeneku mphamvu ya m'chimera imasandutsa ufa kukhala shuga. Phala likatentha kupitirira, mphamvuyo imafa. Likazizira, ntchito imachedwa ndipo mowa umatuluka wopyapyala. Mayi wofulula masese amadziwa zimenezi ndi chala chake pothira chimera cha mawere m'phala limene lapola pang'ono. Mngerezi amagwiritsa ntchito kachitsulo koyezera kutentha, koma nzeru yake ndi imodzimodzi.

Kenaka amasefa madzi otsekemerawo, n'kutsukuluza gaga wotsala ndi madzi ena otentha kuti shuga asatsalire. Madziwo amawawiritsa kwa ola lathunthu kapena kupitirira. Hops oyamba amathiridwa kuwira kukangoyamba kuti apereke kuwawa. Ena amathiridwa kutatsala mphindi zochepa kuti apereke fungo. Akaphula amaziziritsa msanga kufika pa madigiri 20, n'kuthira yisiti. Pakapita tsiku limodzi thovu limakwera pamwamba, ndipo mowa umawira kwa masiku asanu kapena mlungu umodzi.

Apa mpamene real ale imasiyana ndi wa kufakitale uja. Mowa sausefa kapena kuutenthetsanso. Amautsanulira mumgolo kapena m'mabotolo pamodzi ndi yisiti yotsalira, n'kuwonjezera shuga pang'ono, n'kutseka. Yisiti imadya shugayo ndi kupanga mpweya wofatsa umene umalowa m'mowa, ndipo kukoma kumakhazikika. Ena amathira mankhwala opangidwa ndi chikhodzodzo cha mpweya cha nsomba, otchedwa isinglass, amene amakokera nsenga pansi kuti mowa uyere mbee. Mgolo umaikidwa pamalo ozizirira, pa madigiri 11 mpaka 13, kwa milungu iwiri kapena itatu. Wofulumira kutsegula amamwa mowa wamatope wosakhwima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mowa ukapsa umakhala wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, wowawira patali, ndipo mphamvu yake kawirikawiri ndi magawo anayi pa 100 alionse. M'nyumba zomwera mowa amaukoka kuchokera m'chipinda cha pansi ndi pampu ya manja yonga mjigo waung'ono. Mgolo wozolowereka kumeneko, wotchedwa firkin, umalowa malita 41, ndipo ukatsegulidwa uyenera kutha m'masiku atatu kapena anayi, apo ayi umasanduka viniga.

Mdani wamkulu wa wofulula ndi uve. Chifukwa mowawu ndi wamoyo, tizilombo tosaoneka ndi maso timaukondanso. Ndowa yosatsuka bwino, chipande chogwera pansi kapena ntchentche imodzi zingathe kuononga malita onse 23, chimera ndi nkhuni n'kupita pachabe. N'chifukwa chake ofulula odziwa amataya nthawi yambiri akutsuka ziwiya kuposa imene amakhala pamoto. Mdani wachiwiri ndi kutentha. Yisiti ya mowawu ikatenthedwa imatulutsa fungo loipa ndi mowa wopweteka mutu. M'chigwa cha Zambezi mwezi wa Okutobala mowa wotere sungapirire. Ndiponso hops amafuna masiku ataliatali a chilimwe cha ku Ulaya kuti achite maluwa bwino, kotero si mbewu yoti munthu angoibzala padimba.

Tsono nkhaniyi sikuti ikuuza munthu kuti asiye mawere ndi chimanga ayambe kufunafuna barele. Phunziro lake lili pena. Angerezi anatsala pang'ono kutaya mowa wa makolo awo chifukwa wa kufakitale unali wosavuta kugulitsa, ndipo anachita kuyambitsa bungwe ndi kulemba mabuku kuti luso libwerere m'makomo. Masese a pamaliro, pachinamwali ndi padima nawonso ndi mowa wamoyo, umamwedwa ukadawira ndipo suchedwa kusasa. Luso lake silili m'buku, lili m'manja mwa agogo ndi amayi. Mtsikana amene akuseka agogo ake akamanyika mawere adziwe kuti ku Britain anthu ophunzira amagula mabuku kuti adziwe zimene agogowo amachita popanda choyezera.