Nsalu ya Hooper ndi Chigoba cha ku Komboni

M'nkhani ya Nathaniel Hawthorne, "The Minister's Black Veil", ya m'buku la Twice-Told Tales la 1837, mbusa Hooper aphimba nkhope yake ndi nsalu yakuda kufikira imfa. Akadaulo a zolembalemba amati nsaluyo ndi chizindikiro cha tchimo lobisika mwa munthu aliyense, ndipo sanama.

Chokhumudwitsa n'chakuti maso omwewo amachita khungu akafika m'makomboni a m'mafamu a ku Mazowe, Banket ndi Bindura. Kumeneko Achewa obwera kudzagwira ntchito ankavina gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Ambiri ankangoti ndi ufiti wa anthu obwera.

Ufiti wanji? Simoni, chigoba chofiira chonga nkhope ya mzungu wopsa ndi dzuwa, amanyogodola mwambo wa atsamunda poyera, pabwalo. Hooper ankatsutsa nkhosa zake zomwe zinkamuopa kale. Wovina Simoni ankaseka mtundu wa bwana amene ankamulipira. Ndani mwa awiriwa anafunika kulimba mtima?

UNESCO inalemekeza guleyu mu 2005. Panthawiyo kulanda mafamu komwe kunayamba mu 2000 kunali kutabalalitsa kale ovina ambiri m'makomboni muja.