Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa: za amalonda olowa m'kalasi



Mwambi wathu wa lero ndi uja wakuti, "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa." Kale lumo la pamudzi likabuntha, anthu ankangopirira nalo poti analizolowera. Tsiku lofika wapaulendo ndi kalumo kake konoledwa bwino, m'pamene eni mudzi ankazindikira kuti masiku onsewo ankangozulana tsitsi. Akuluakulu ankatanthauza kuti nzeru yothetsa vuto la pamudzi nthawi zina imachokera kwa munthu wakudza, choncho mlendo sanyozedwa.

Mwambiwu ndaukumbukira chifukwa cha chizolowezi chimene chikukula masiku ano, chakuti mabanki ndi makampani amatumiza antchito awo kusukulu kukathandiza ana masamu ndi kasamalidwe ka ndalama, popanda sukulu kulipira kanthu. Makolo ena akondwa nazo, pamene ena akufunsa kuti, "Kodi wamalonda anayamba wapereka chinthu chaulere?" Ine ndikuti alendowa tiwalandire ndi manja awiri. Koma tisaiwale kuti kalumo komwe kamameta bwino ndi komwenso kamatema khungu. Wogwira mutu wa mwana pometedwa akhale mphunzitsi ndi kholo.

Kuti lumo lathu linabuntha, palibe angatsutse. M'chaka cha 1994, boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino ndithu, koma aphunzitsi, zipinda ndi mabuku sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 sangathe kuona kope la mwana aliyense. Chotsatira chake, ana amaloweza matebulo ndi kuwaimba mokoma onse pamodzi, koma mukamutuma mmodzi kuchigayo ndi K5,000 sadziwa chenje chimene ayenera kubwera nacho. Masamu a m'buku ndi masamu a pamsika anasiyana njira, ndipo mwana watsala pamphambano.

Nayo ndalama yasintha khalidwe. Ife tinakula ndi mapaundi, masheleni ndi makobiri: makobiri 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 ankapanga paundi. Mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, sheleni n'kusanduka 10 tambala. Zonsezo zinali ndalama zogwirika, zolira m'thumba, zomangidwa pa nsonga ya chitenje. Lero ndalama ndi nambala yooneka pa foni ya m'manja, pa Mpamba kapena pa Airtel Money, ndipo imachoka ndi chala chimodzi. Imafookanso ili chikhalire. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi ya ku America n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Gogo amene anakwirira ndalama zake mumphika sanaberedwe ndi munthu, komabe anapeza kuti sizikugulanso thumba la feteleza limene ankalisungira. Mwana wa lero ayenera kumvetsa zimenezi asanamalize Sitandade 8, pakuti ambiri safika ku sekondale.

Apa m'pamene wamalonda ali ndi kalumo kamene mphunzitsi alibe. Iye masamu amadyera momwemo, ndipo akalakwitsa amagona ndi njala. Tiyerekeze mayi wophika mandasi waima kutsogolo kwa ana a Sitandade 5. Wagula ufa, shuga, mafuta ndi nkhuni za K18,000, waphika mandasi 120, akugulitsa limodzi K200. Onse akatha apeza K24,000, phindu lake K6,000. Tsono ana a pakhomo adyako khumi. Otsala 110 abweretsa K22,000, phindu latsika kufika pa K4,000. Mandasi khumi okha atenga gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lonse! Mwana amene wawerengetsa yekha samuyi, ataona mtanga ndi maso ake, sadzaiwala kusiyana kwa mpamba ndi phindu.

Tiyerekezenso wa kubanki wafotokoza za katapila. Wabwereka K20,000 kuti pakutha pa mwezi ubweze K30,000. Walephera, ndipo mwini ndalama waonjezanso theka: K45,000. Mwezi wachitatu ngongole yafika pa K67,500, njinga ndi malata n'kupita. Chakudza sichiimba ng'oma, koma chakudza ichi chimaoneka pa bolodi ngati mwana waphunzitsidwa kuchiwerengera. Chimodzimodzinso sikelo ya mavenda pa nthawi yokolola: mwana wodziwa kuchulukitsa makilogalamu 50 ndi mtengo wa kilogalamu imodzi ndi mlonda wa thukuta la makolo ake.

Komatu alendowa asabwere ngati kuti afika pa mudzi wopanda nzeru. Makolo athu ankadziwa kusunga mabanki asanabwere. Nkhokwe inali banki, ndipo mayi wanzeru ankadziwa ndi maso okha ngati chimanga chidzafika mwezi wa Febuluwale. Chimanga cha mbewu chinkapachikidwa patsindwi pamene pamafika utsi kuti anankafumbwe asachiboole, ndipo ngakhale njala ivute chotani, kudya mbewu kunali kupusa kotheratu. Amalonda akamati "usadye mpamba" akunena lamulo lomwelo. Munthu ankayamba ndi nkhuku, nkhuku n'kugula mbuzi, mbuzi n'kugula ng'ombe, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Wosewera bawo amawerengera njere ndi maenje m'mutu dzanja lisananyamuke. Lero amayi ali ndi chipereganyu ndi banki mkhonde, kumene amalemba masheya ndi chiwongoladzanja m'kope mosaphonya. Wodzathandiza ayambire pa zimenezi, kuti mwana aone kuti masamu ndi a kwawo. N'chifukwa chake ndikati amalonda sindikunena a mataye okha a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Telala amene amayeza nsalu, kalipentala wa tepi ndi sikweya, mwini chigayo, msodzi wogulitsa usipa ndi mlembi wa banki mkhonde, onsewa ndi aphunzitsi a masamu amene akukhala moyandikana ndi sukulu, koma palibe anawaitanapo.

Tsopano za kuthwa kwina kwa kalumo. Pali mawu amodzi m'chinenero chathu amene mbiri yake iyenera kutichenjeza, ndiwo thangata. Poyamba kuthangata kunali kuthandizana: lero tilima m'munda mwako, mawa mwanga. Azungu a minda ikuluikulu ya ku Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anatenga mawu okomawa n'kuwaveka pa ntchito yokakamiza, imene anthu ankagwira ngati lendi ya malo amene ankakhalapo. Nkhanza za thangata ndi chimodzi mwa zimene zinautsa mtima wa Mbusa John Chilembwe mu Januwale 1915, yemwe nkhope yake ana athu amaiona pa K500 ndi pa K2,000. Phunziro lake n'lakuti chithandizo chingathe kusunga dzina lake pamene mtima wake wasanduka phindu la wothandizayo.

Ndiye pali makampani amene amafika ndi galimoto, kugawa zipewa ndi malaya olembedwa dzina lawo, kujambulitsa ndi ana, dzuwa lisanapendeke n'kubwerera. Mawa chithunzi chili m'nyuzipepala, koma mwana uja sakudziwabe kugawa 84 ndi 7. Ena cholinga chawo n'kupeza makasitomala a mawa: amaphunzitsa kukoma kwa ngongole, osatchula chiwongoladzanja ndi ndalama zimene amadula pa akaunti mwezi ndi mwezi. Mwana amakhulupirira chilichonse chonenedwa kutsogolo kwa bolodi, chifukwa pamalo pamenepo m'pa mphunzitsi. Kugwiritsa ntchito ulemu umenewo potsatsa malonda ndi kuba.

Choncho kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu ndikuti, mlendo salowa m'mudzi osaonekera kwa mfumu. Asanakumane ndi ana, akhale pansi ndi mphunzitsi wa kalasiyo, aone pamene silabasi yafika, ndipo mphunzitsiyo asatuluke m'chipinda mlendo akamaphunzitsa. Alonjeze kubwera kawirikawiri, ngakhale ola limodzi pa sabata kwa teremu yonse, ndipo atenge kagulu ka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amene masamu akuwavuta. Mlendo ndi mame, koma mame a tsiku limodzi sameretsa mbewu. Alankhule chinenero chimene ana amamva. Asalembe maina a ana kapena manambala a foni a makolo awo, ndipo asagulitse kanthu pabwalo la sukulu. Makampani a juga ndi kubetcha, ngakhale atabwera ndi mabuku odzaza lole, malo awo si m'kalasi. Pomaliza, makampani akuluakulu asamangozungulira sukulu za m'mbali mwa tala. Mwana wa ku Nsanje, ku Ntchisi ndi ku Chitipa nayenso adzagwira kwacha yomweyi.

Ena adzati kuphunzitsa ndi udindo wa boma, ndipo amalonda akalowerera boma lidzagona. Mawuwa ali ndi nzeru. Wodzipereka sangalowe m'malo mwa mphunzitsi wophunzitsidwa bwino ndi wolipidwa pa nthawi yake, ndipo tisaleke kulikumbutsa boma zimenezi. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana amene ali mu Sitandade 3 chaka chino sangadikire kuti zonse zikonzeke. Kuongola mtengo m'poyamba.

Kwa amalonda ndikusiyirani mwambi uwu: "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Mwana wodziwa kuwerengera ndiye adzakhale kalaliki wokhulupirika, mlimi wobweza ngongole ndi wogula wosakangana pa chenje. Phindu lanu lili pamenepo, ndipo n'lokwanira. Musafunenso lina m'kalasi.

Ndipo inu adzukulu anga, musadikire mlendo. Madzulo ano funsani amayi anu mtengo wa sopo, mchere ndi ndiwo za sabata ino, mulembe m'kope, muphatikize, kenaka mudzandiuze chimene mwapeza.

Tsalani bwino, tidzachezanso pa mwambi wina.