Kusagona kukanalemeretsa, bwenzi alonda ali mabwana

Anzanga a pagulu pano, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo ena mwa inu ndikupondani dala. Pali mawu amene afala pa WhatsApp ndi pa Facebook, mumawaika pa sitetasi pamodzi ndi chithunzi cha galimoto yomwe si yanu. Eti wosaka ndalama sagona. Eti tulo n'ta alesi, tidzapumira kumanda. Ine ndimagulitsa tomato, anyezi ndi kabichi pamsika, chino ndi chaka cha 11, ndiye za kulawirira musandiphunzitse. Ndikunena mosapsatira kuti mawu amenewa ndi bodza, ndipo amene akupwetekeka nalo ndi ife osauka.

Tiyeni tiwerenge anthu amene sagona m'dziko muno. Mlonda amalowa ntchito 6 koloko madzulo, kuweruka 6 koloko m'mawa, masana n'kukapalasa kabaza chifukwa malipiro sakufika pakati pa mwezi. Mayi wa mandasi amayatsa mbaula 2 koloko usiku. Ife a tomato, 3 koloko tili kale pamsewu, ena kupita ku Lizulu kukapikula, ena kudikira malole ochokera ku Jenda ndi ku Tsangano, chifukwa ukachedwa umapeza anzako asankha kale, iwe n'kutsala ndi zophwanyika. Anzathu okaoda katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg amagona chokhala m'basi, khosi lili chopindika, chikwama cha ndalama atachipana m'khwapa. Mtsikana wantchito amagona pambuyo pa aliyense, kudzuka aliyense asanadzuke. Tsono mundiuze, pa anthu onsewa, ndani walemera chifukwa chosagona? Kusagona kukanalemeretsa, bwenzi mlonda ali mwini wa mpanda umene akulonderawo.

Bwana amene amaima pa semina n'kumati iye amagona maola 4 okha, mufunseni amene amamuchapira, amene amamuphikira, amene amayendetsa galimoto iye akusinza kumbuyo. Tulo take ena akumulipirira ndi tulo tawo. Inu mukamutsanzira, palibe amene adzakulipirireni.

Ena munena kuti awa ndi maganizo a mayi wa pamsika wotopa. Chabwino, timve a mapepala. Mu 2015, mabungwe awiri a akatswiri a za tulo ku America, American Academy of Sleep Medicine ndi Sleep Research Society, anagwirizana kuti munthu wamkulu azigona maola 7 kapena kuposerapo usiku uliwonse. Achinyamata a zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Mu 2003, pa yunivesite ya Pennsylvania anatenga anthu athanzi n'kuwagawa: ena azigona maola 8, ena 6, ena 4, kwa masiku 14. Pofika kumapeto, a maola 6 aja ankalakwitsa zinthu ngati munthu amene wachezera usiku wonse, a maola 4 ngati amene wachezera masiku awiri. Koma chimene chimandiopsa n'chakuti powafunsa eni akewo, ankati akungomva katulo pang'ono basi. Ndiye inu amene mumati "ine ndinazolowera," dziwani kuti chimene chinazolowera ndi pakamwa panu. Mutu wanu ukuperewera, ndipo woona zimenezi ndi amene ali pambali panu.

Pamsika timaziona tsiku ndi tsiku. Mayi wochenjera pa masamu, amene sapusitsika ndi aliyense m'mawa, ikamakwana 3 koloko masana akubweza chenje kawiri kwa munthu mmodzi. Wina akutumiza ndalama ya katundu ku nambala yolakwika, mpamba wonse wapita. Wina akukalipira kasitomala wake wa zaka zambiri chifukwa cha tomato mmodzi wa basera. Tikaona choncho timathamangira kunena kuti pali amene wamuchita chitaka, kapena benchi lake alipondera. Tifunse kaye kuti mayiyu wagona maola angati sabata ino.

Nanga pamsewu? Ku Australia mu 1997 anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amagwira ntchito ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10, mlingo woposa umene malamulo a mayiko ambiri amalola kwa woyendetsa galimoto. Werengerani nokha. Dalaivala wa minibasi amene wadzuka 3 koloko m'mamawa, ikamakwana 8 koloko usiku wakwanitsa maola 17. Akanakhala kuti akununkha kachasu, bwenzi tonse titatsika. Koma poti akungoyasamula ndi kutsegula windo kuti mphepo imumenye, timakhala phee, ana athu ali pamiyendo, tikutsetsereka pa M1. Mwini minibasi amene amaika tageti yoti munthu sangaikwanitse popanda kudula tulo, ameneyo ndi woledzeretsa dalaivala, kungoti alibe botolo m'manja.

Thupi nalo limasunga ngongole. Ku Chicago mu 1999, anyamata 11 athanzi anawagoneka maola 4 okha kwa masiku 6, ndipo matupi awo anayamba kuchedwa kuchotsa shuga m'magazi ngati a anthu okalamba. Ku Pittsburgh mu 2009, anthu 153 anawathira kachilombo ka chimfine m'mphuno, ndipo amene ankagona maola osakwana 7 anadwala pafupifupi katatu kuposa amene ankagona maola 8 kapena kuposerapo. Kusagona kwa nthawi yaitali kumayendanso limodzi ndi BP. Taonani mzere wa odwala shuga ndi BP kuchipatala, muone kuchuluka kwa amayi a geni pamenepo. Sindikuti tulo tokha ndi timene tawafikitsa pamzerewo. Ndikuti tikamatchula mchere ndi mafuta, tizitchulanso tulo.

Ndikudziwa yankho lanu: "Mayi, tikagona ana adya chiyani?" Funso limeneli ndi loona, ndipo ine sindingauze mnzanga kuti asiye kulawirira ku Lizulu. Tomato sadikira munthu. Koma tisiyanitse tulo timene umphawi watilanda ndi tulo timene anthu anzathu akutibera popanda chifukwa. Toyambato tilimbana nato pang'onopang'ono. Tachiwirito tingathe kutibweza sabata yomwe ino, ndipo akubawo ndiwatchula.

Woyamba ndi inu abambo ena. Mkazi wadzuka 3 koloko, wafika pakhomo 7 koloko usiku, ndipo mukumudikira kuti ayatse moto, aphike nsima, atenthetse madzi osamba, achape yunifolomu ya ana. Madzi akabwera pampopi 1 koloko usiku, wodzuka kukatunga ndi yemweyo. Mwana akalira, mumamugwedeza ndi chigongono kuti "mwana wako akulira." Iye akugona 11 koloko, maola 4 okha, inu mukuliza mkonono mpaka 6 koloko. Ndiye mawa muzidandaula kwa ankhoswe kuti mkazi wanga masiku ano ndi waukali, sakundilabadira kuchipinda. Achimwene, mthiko suluma. Mukavundula nsima kawiri pa sabata, mwam'patsa mkazi wanu maola awiri a tulo, ndipo ndalama imene akubweretsa m'nyumbamo mumadya nawo.

Wachiwiri ndi aphokoso. Malo omwera mowa ali pakati pa nyumba za anthu, nyimbo mpaka tambala kulira. Chinkhoswe cha Loweruka chimayamba kuyesa masipika Lachinayi. Ndipo ndinene ngakhale ena mukwiye: mapemphero a usiku wonse okhala ndi zimkuzamawu zoloza kunja. Kupemphera pempherani, palibe akukuletsani. Koma sipika yoloza nyumba za eni ikulalikira ndani 2 koloko usiku? Kuseri kwa khomalo kuli namwino amene alowe ntchito m'mawa kukabaya anthu jakisoni, kuli mwana wa Fomu 4 amene akulemba MSCE, kuli gogo wa BP. Mafumu a m'mataoni ndi makhonsolo amadziwa kutipeza pa nkhani ya ziphaso za pamsika m'mawa uliwonse osaphonya. Phokoso la usiku ndiye salimva?

Wachitatu ndi olemba anzawo ntchito. Lamulo la ntchito la 2000 limaika maola 48 pa sabata, osawerengera ovataimu, komanso tsiku lopuma. Mtsikana wantchito m'nyumba mwanu amagwira maola angati? Muwerengere usiku uno. Ambiri a inu muli pagulu pano mumalemba ndakatulo zokoma zodandaula za kuponderezana, pamene mwana wa eni ake akutsuka mbale 11 koloko usiku, 4 koloko n'kudzukanso kukusitirani malaya.

Wachinayi ali m'manja mwanu panopa. Bandulo ya usiku ndi yotchipa, ndikudziwa. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mumati muone kavidiyo kamodzi ka pa TikTok, podzidzimuka 1 koloko yakwana. Thupi limatulutsa melatonin kukada, ndipo ndi imene imauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Kuwala kolowa m'maso usiku kumaichedwetsa, pamene mikangano ya m'magulu ikuwiritsa mutu. Alembi anzanga amene mumanyadira kuti luso limabwera 2 koloko usiku, yesani kuwerenganso m'mawa zimene munalembazo musanaziponye pano.

Tsono tichite chiyani ife amene kulawirira sitingakuthawe? Ngati nthawi yodzuka singasinthe, sinthani nthawi yogona. Wodzuka 3 koloko ayenera kukhala ali pamphasa 8 koloko, ikavuta 9, ndipo izi zimatheka pokhapokha ndiwo zaphikidwa masana kapena wina pakhomo wagwira mthiko. Nthawi yodzukayo ikhale imodzimodzi masiku onse, thupi limakonda chizolowezi. Tiyi wa masamba ambiri, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija muzimwa m'mawa. Kafini amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lokha lichoke m'thupi, ndiye botolo la 4 koloko masana likadali m'magazi 9 koloko usiku. Mowa umakugwetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, n'chifukwa chake woledzera amadzuka wotopa. Piriton ndi mankhwala a ziwengo, musawasandutse ndiwo za usiku uliwonse.

Masana msika ukazizira, gwirizanani ndi mnzanu wa benchi loyandikana: iye ayang'anire katundu wanu mphindi 20, kenako inu muyang'anire wake. Mphindi 20 zimatsitsimula mutu, mukapitirira kwambiri mumadzuka mutu uli zii. Ndipo amene mumajambula amayi akusinza pamsika n'kuponya pa Facebook kuti anthu aseke, manyazi akugwireni. Neti ya udzudzu ikhale pabedi, osati kudimba kapena pakhola la anapiye. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, malata akatentha, sambani musanagone. Ngati chokusowetsani tulo ndi ngongole ya banki mkhonde kapena katapila, tengani kope madzulo, lembani zimene muli nazo ndi zimene mubweze mawa, tsekani kopelo. Ngongole siichepa chifukwa mwaiyang'anira usiku wonse. Tulo tikakana, dzukani mukhale pansi mumdima kapena pa kuwala kochepa, mubwerere pogona maso akayamba kulemera.

Zina ndi za kuchipatala. Munthu woliza mkonono kwambiri, amene amasiya kupuma kwa kanthawi n'kudzidzimuka ngati akutsamwa, masana n'kumangosinza paliponse, akaonane ndi dokotala, chifukwa vuto limeneli limakweza BP. Chimodzimodzi amene watha miyezi tulo tisakubwera, mtima uli wolemera, chakudya chisakukoma. Kumeneko si kufooka kwa chikhulupiriro kapena ulesi, ndi matenda, ndipo thandizo lilipo.

Inu amene mumati tidzapumira kumanda, mukunena zoona pa chinthu chimodzi: wosagona amafikako msanga. Ana ake amatsala ndi benchi lopanda mpamba ndi ngongole ya bokosi. Chotsani sitetasi imeneyo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene simukugwirizana nane, bwerani mu ndemanga tikangane, koma mubwere masana. Ikakwana 8 koloko foni yanga imakhala yozima, ndipo ndikakupezani kuti munandiyankha 2 koloko usiku, mwandipatsa umboni nokha.