Dzina la Attati Mpakati talikwirira dala

Munthu wa ku Chitala akakwera minibasi kupita ku boma, amamva kondakitala akukuwa kuti "Kamuzu Road!" Matenda akakula, amamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pa 14 May ana sapita kusukulu, ndi Kamuzu Day. Zimenezo sitikutsutsa, Dr Banda ndi mbiri yathu. Koma imitsani ana a fomu 4 a komweko muwafunse kuti Attati Mpakati anali yani. Ambiri adzangoyang'anana. Wolakwa si anawo ayi, koma akuluakulu onse amene akhala akusinthana mipando chiyambire 1994.

Mpakati anali munthu wozama m'maphunziro a zachuma, wophunzira ku Moscow, ndipo ankatsogolera LESOMA, chipani cha Amalawi othawira kunja chimene chinkatsutsa ulamuliro wa chipani chimodzi. Mu 1979 ali ku Maputo analandira phukusi la papositi. Potsegula, linaphulika n'kumudula zala 8. Taganizirani, munthu wodya za cholembera kumusiya ndi zibwatu za manja! Dr Banda sanabise n'komwe, ananena poyera kuti anachita zimenezo ndi anyamata ake. Mpakati sanagonje. Mu March 1983 mtembo wake unapezeka mu ngalande ya madzi ku Harare, atawomberedwa.

Patangopita miyezi iwiri, mu May, andale anayi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti ndi ngozi ya galimoto. Mu October 1989 nyumba ya mtolankhani Mkwapatira Mhango ku Lusaka inaponyeredwa bomba la moto, iye n'kufa pamodzi ndi akazi ake ndi ana.

Anayi a ku Mwanza tinayesako kuwalira. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Justice Michael Mtegha anapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi, mlandu unafika kukhoti, ngakhale Dr Banda ndi John Tembo anapezeka osalakwa mu December 1995. Ku Thambani kuli chipilala. Koma ofera kunja tinawasiya komweko ngati kuti imfa ya Mmalawi ikachitikira kuseri kwa malire siwerengedwa. National Compensation Tribunal, bwalo lopepesa ozunzidwa, linatsekedwa anthu ochuluka asanalandire chipepeso chawo, ndipo a ndale sanaone vuto.

Tikudziwa chimene amayankha: zakale zisiyeni, mukukanda chilonda chopola. Chinapola liti? A UDF anapambana masankho ndi nkhani ya Mwanza, mlandu utatha anaiwala. A DPP, a PP ndi a MCP onse alawako ulamuliro, ndipo aliyense amakumbukira maliro okhawo amene angadetse mnzake pa msonkhano wa kampeni. Pakati pa kukanganako, mu September 2011 wophunzira Robert Chasowa anapezeka atafa pa Polytechnic, apolisi n'kuthamangira kunena kuti wadzipha, mpaka kafukufuku wa 2012 anati anachita kuphedwa. Mu July 2015 anapha Issa Njauju wa ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB. Opha anthu amaonera momwe anzawo akale anathera, ndipo aona kuti kuno munthu umapha n'kukalamba mwamtendere.

Sitikunena kuti mfundo za LESOMA zinali zolondola zonse. Mwina zikanatisaukitsa mwa njira ina. Koma mfundo imagonjetsedwa ndi mfundo inzake, osati ndi phukusi la papositi, ndipo mwana wa ku Chitala amene adzavote mawa ayenera kudziwa kuti boma la dziko lake linachitapo zotere.

Nyuzipepala ino ikufuna zinthu zooneka. Unduna wa Maphunziro uike nkhani ya Mpakati ndi Mhango m'mabuku a mbiri, ndi mayina, malo ndi zaka, osati m'chiganizo chimodzi chozembera chakuti "panali mavuto ena". Mafayilo a Special Branch atsegulidwe kuti ofufuza awawerenge ku National Archives ku Zomba. Ndipo Nyumba ya Malamulo ilamule unduna woona za ubale ndi maiko ena kuti upemphe ku Harare, Maputo ndi Lusaka zonse zimene apolisi a kumeneko analemba, mboni zotsala zisanathe kumanda.