Tayala lapadera la ngolo likhale ndi malo akeake

Mvula ikasiya ndipo misewu ya m'midzi ikauma, maulendo amachuluka m'mipingo yathu. Chimanga cha masika chiyenera kupita kumene chikasungidwe, amayi a chigwirizano ali ndi misonkhano yawo, makwaya aitanidwa uku ndi uko, ndipo pena pali malata ndi simenti za nyumba ya abusa. Galimoto imodzi sikwanira, choncho timakoloweka kumbuyo kwake kangolo kachitsulo ka matayala awiri, kamene pa Chipwitikizi amati atrelado. Mwezi uno tikambirane za chinthu chimodzi chimene chimakumbukiridwa pomalizira penipeni, anthu onse atakwera kale: tayala lapadera, lija ambiri amati la sipeya.

Kawirikawiri limangoponyedwa pamwamba pa matumba, wina n'kulikulunga ndi malegeni awiri, ulendo n'kuyambika. Malegeni ndi abwino pomangira nkhuni pa njinga, koma pano salimba. Amatamuka ngolo ikadumpha, amafooka ndi dzuwa, ndipo akaduka sachenjeza. Nawonso matumba a chimanga kapena a mbatata ya kachewere amatsendereka ndi kugwedezeka kwa pa msewu, kotero chingwe chimene chinali cholimba ponyamuka ku Ulónguè chimakhala chitalendewera musanafike pa Mussacama.

Tayala la mainchi 13 pamodzi ndi mkombero wake wachitsulo, umene amakaniko amati limu, limalemera makilogalamu pafupifupi 15. Kulemera kumeneko mnyamata amakunyamula ndi dzanja limodzi, n'chifukwa chake timakupeputsa. Koma likapulumuka galimoto ikuthamanga makilomita 80 pa ola, limakhala ndi mphamvu yofanana ndi ya tayala logwa kuchokera pamwamba potalika mamita 25. Ndipo siligwa n'kukhala pomwepo ngati thumba. Limadumpha, limagubuduka, limatsata njira yake. M'mbali mwa misewu yathu ndi mmene muli ana opita ku sukulu, amayi osenza katundu, ndi anjinga obwera ndi makala. Woyendetsa saona kanthu, pakuti zonsezi zimachitikira kumbuyo kwake. Adzazindikira pokhapokha tayala la ngolo litaphwa, atafuna lapadera lija n'kupeza malegeni okhaokha.

Choncho mfundo yanga ndi imodzi. Tayala lapadera si katundu wa pa ulendo ayi, ndi chiwalo cha ngolo. Likhale ndi malo akeake, lomangidwa ndi mabawuti, ndipo lizikhala pomwepo ngolo ikhale yodzaza kapena yopanda kanthu.

Malo abwino koposa pa ngolo zambiri ndi kutsogolo, pa zitsulo ziwiri zija zokumana ngati mphanda zimene zimakafika pa galimoto, kapena pa khoma lakutsogolo la ngolo. Pamenepo pamaikidwa chitsulo chophwathalala chokhala ndi mabawuti awiri kapena atatu otulukira kunja, otalikirana molingana ndi mabowo a limu. Tayala limalowa m'mabawutiwo n'kumangidwa ndi manati a mtundu womwewo wa a m'matayala, mbali yosongoka ya nati ikuyang'ana ku limu. Bawuti imodzi yokha siyokwanira, chifukwa tayala limasewera pamenepo mpaka bowo kukula kapena bawuti kuthyoka. Mukapita kwa wowotcherera, mpempheni kuti asaboole kapena kuwotcherera mwachisawawa pa zitsulo zamphanda zija, pakuti ndi zimene zimasenza kukoka konse, ndipo chitsulo chimayamba kung'aluka pamene chinaboledwa kapena kupsa. Ndi bwino kugwiritsa ntchito mabawuti opindika ngati chilembo cha U, amene amakumbatira chitsulo osachivulaza. Musanachoke pa malo ake, khotetsani galimoto mpaka kumapeto, kumanja ndi kumanzere, muone ngati tayala silikukhudza kumbuyo kwa galimoto, ndiponso ngati chitseko chakumbuyo chikutseguka.

Nkhani ya kutsogolo kapena kumbuyo ili ndi chifukwa chake. Ngolo imayenda mowongoka ngati kutsogolo kwake kukulemerako pang'ono. Amisiri amalangiza kuti pa mutu wachitsulo uja pamene ngolo imakolowekedwa patsamire pafupifupi magawo 7 mpaka 10 pa magawo 100 a kulemera konse kwa ngolo. Ngolo yolemera makilogalamu 500 pamodzi ndi katundu, ndiye kuti pa mutupo patsamire makilogalamu 35 mpaka 50. Mukapachika tayala pa chitseko chakumbuyo kwa ngolo mwapeputsa kutsogolo, ndipo ngolo yopepuka kutsogolo imavina potsika phiri, n'kuyamba kugwedeza galimoto imene ikuikoka. Amene amatsika kuchoka ku mapiri a Angónia kulowera ku Moatize ndi ku Tete, pakati pa malole akuluakulu, akudziwa kuti si malo oti ngolo ivinirepo. Komanso mukaika tayala kutsogolo, kumbukirani kuti kulemera kwake kwaonjezera pa mutu uja, ndipo musaunjikenso matumba onse komweko. Ngolo zambiri zazing'ono zopanda mabuleki zinapangidwa kuti zisapitirire makilogalamu 750, kuwerengera ndi ngolo yomwe. Matumba 10 a makilogalamu 50 ndiye kuti mwayandikira kale malire.

Ena amakonda kulipachika kunsi kwa ngolo. Pa msewu wa phula palibe vuto, koma pa njira zathu zokumbika ndi madzi limagunda miyala, manati amadzaza matope ndi dzimbiri, ndipo tsiku lolifuna munthu amagona chagada pansi pa ngolo yolemera imene tayala lake laphwa. Ine sindilimbikitsa zimenezi.

Nanga ngati ngolo ndi yobwereka, ndipo ilibe malo otere? Pamenepo tayala ligone chafufumimba pansi m'ngolomo, pa ngodya yakutsogolo. Lamba wolimba, uja wa nsalu yokhuthala wokhala ndi chitsulo chokokera, adutse pa bowo la pakati pa limu n'kukakola pa chitsulo cha ngolo. Lamba wongodutsa pamwamba pa tayala amaterereka, chifukwa tayala n'lozungulira. Pamene lamba wakhudza chitsulo chakuthwa ikani chidutswa cha chubu chakale kuti asadyeke. Longedzani katundu mwakuti mutha kulitulutsa osatsitsa matumba onse m'mbali mwa msewu. Chimodzimodzi ngati mwatumidwa kukagula matayala angapo, kaya a ngolo ya ng'ombe kaya a galimoto: asanjikeni chogona, lamba adutse m'kati mwa onse, ndipo wachiwiri apingase woyambayo.

Tayala lomangidwa bwino koma losalowa pa ngolo ndi mtolo chabe. Anthu ambiri amaganiza kuti lapadera la galimoto lithandiza zonse ziwiri. Toyota Hilux yokoka ndi matayala onse anayi ili ndi mabawuti 6 pa tayala lililonse, pamene tingolo tambiri tili ndi 4 kapena 5. Ngakhale chiwerengero cha mabowo chifanane, kutalikirana kwake kutha kusiyana ndi mamilimita ochepa, ndipo limu yolowetsedwa mokakamiza imadya mabawuti. Njira yotsimikizira ndi imodzi: tsiku lina muli pakhomo, masulani tayala limodzi la ngolo, mulowetsepo lapadera, mulizungulitse. Pa tsiku lomwelo mudzadziwanso ngati sipanala ya galimoto ikugwira manati a ngolo, pakuti ena ndi a mamilimita 17, ena 19, ena 21, ndiponso ngati jeke, uja ena amati macaco, akulowa pansi pa ngolo imene yatsika chifukwa cha tayala lakuphwa. Safunsa anadya phula.

Tayala limakalamba ngakhale lisayende. M'mbali mwake muli zilembo za DOT, ndipo manambala anayi otsiriza amanena nthawi imene linapangidwa. Kalembedwe ka manambala anayi kameneka kanayamba m'chaka cha 2000. Mukaona 2319, ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amati likapitirira zaka 5 lizionedwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Lapadera ndi limene limakhala pa dzuwa tsiku lonse, ndipo timing'alu ting'onoting'ono m'mbali mwake ndi chizindikiro chakuti mphira yauma. Tayala lotere likhoza kupirira m'kuzizira kwa ku Tsangano, n'kukaphulika pa phula wotentha wa ku Tete mu Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Liphimbeni ndi lona kapena thumba. Mpweya umatuluka pang'onopang'ono ngakhale palibe chobaya, choncho polimanga malo opopera ayang'ane kunja, kuti muzitha kuliyeza pamodzi ndi anzake musananyamuke, matayala asanatenthe. Ndipo ngati pa bwalo la tchalitchi pali matayala akale opanda limu, musawasiye poti azisunga madzi a mvula, ndi nyumba ya udzudzu.

Loko ndi wofunikanso. Tayala loonekera poyera pa msika wa malire, pamene onse apita kukagula zakudya, limamasulidwa pa mphindi ziwiri. Boolani nsonga ya bawuti imodzi ya pa chitsulo chopachikirapo kuti loko alowepo, kapena pisani unyolo m'bowo la limu. Koma kiyi wake amangiriridwe pamodzi ndi makiyi a ngolo. Asatsale m'thumba la msungichuma ngolo ili pa msewu wa ku Zóbuè.

Mukayenda makilomita 20 kapena 30 oyamba, imani pa malo abwino. Kokani malamba, gwedezani tayala lapadera ndi manja onse awiri, yesani manati, ndipo gwirani pakati pa matayala a ngolo kumva ngati sipanatenthe kwambiri. Yang'anitsitsani la kumanzere. Poti kuno timayenda kumanzere kwa msewu, ndilo limene limaponda m'mphepete mokumbika mwa phula, makamaka popatukira lole. Likaphwa, musamasule ngolo ku galimoto posintha. Gwirani buleki ya pamanja, tchingani tayala linalo ndi miyala, valani chovala chonyezimira chija, ndipo ikani zizindikiro ziwiri za ngodya zitatu, china kutsogolo china kumbuyo, monga malamulo a pa msewu a dziko lino amafunira. Mukasintha, manati ayesedwenso mutayenda makilomita 50, ndipo lakuphwalo limangidwe pa malo a lapadera ndi manati onse, osati kuponyedwa pamwamba pa katundu chifukwa chakuti kwada.

Ngolo ya mpingo imayenda m'manja ambiri, ndipo aliyense amayesa kuti mnzake anaona kale. Akulu a mpingo asankhe munthu mmodzi woyang'anira ngolo, akhale ndi kabuku kolembamo amene waitenga ndi tsiku lobweza. Pobweza awerengere pamodzi ndi wobwerekayo: tayala lapadera lili ndi mpweya, manati ake, loko, sipanala, jeke ndi malamba. Tayala limene linaphwa pa ulendo likamatidwe sabata yomweyo, ngolo isanalembedwe kwa wina.