Khirisimasi pakhomo la agalu okoka chileyi

Ku Fairbanks, mkatikati mwa Alaska, dzuwa la pa 21 Disembala limatuluka nthawi ikuyandikira 11 koloko m'mawa, n'kulowa 3 koloko isanakwane. Kumatha kuzizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro. M'chisanu chotere ndi momwe mabanja oweta agalu okoka chileyi amadyera Khirisimasi, agalu 30 kapena 40 ali panja kudikira.

Pakhomo lotere oyamba kudya ndi agalu. Ana asanatsegule mphatso, mkulu wa pabanja amamanga tochi pamphumi n'kutuluka mumdima ndi ndowa. Madzi ongosiyidwa m'mbale amaundana posakhalitsa, choncho agalu amamwetsedwa msuzi wofunda wa nsomba kapena nyama, wothira mafuta ambiri, kuti thupi lipeze madzi ndi mphamvu nthawi imodzi. Akatha apo amachotsa zonyansa zomwe zauma gwa usiku, n'kuyala udzu watsopano m'tinyumba ta agalu. Kenako amagwada pa galu aliyense n'kumuyang'ana zikhatho, chifukwa chipale chikalowa pakati pa zala chimacheka. Paulendo agaluwa amavekedwa timasokosi tansalu pa chifukwa chomwechi. Amene anakhalapo ndi ng'ombe za ngolo akudziwa kuti chiweto chogwira ntchito sichidziwa kuti lero ndi tchuthi.

Disembala ndi mwezinso wokhwimitsa maphunziro. Mpikisano wa agalu okoka chileyi wa Iditarod, womwe unayamba mu 1973, umanyamuka ku Anchorage Loweruka loyamba la Malichi kupita ku Nome, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600. Galu wothamanga ulendo wotere amafuna chakudya cha makalori pafupifupi 10,000 patsiku, kuwirikiza kanayi cha munthu wamkulu. Wokonzekera mpikisanowu sangaimike agalu sabata yathunthu kuti akacheze kwa apongozi, komanso ndani angavomere kumusungira khola lonselo? Choncho achibale ndiwo amabwera. Akadya, amakwezedwa pachileyi mmodzimmodzi. Agalu akangoona zingwe amalira ndi kudumpha, koma akamasulidwa phokoso lonse limatheratu, aliyense mutu pansi, kukoka.

Ine chikondwerero chotere ndimachilemekeza. Mwini nyumba akuvomereza kuti chisangalalo chake chimabwera pambuyo pa udindo wake kwa zamoyo zomwe zimamudalira. Ndipo ku Alaska anthu ali ndi mangawa kwa agaluwa. Ndege zisanachuluke, makalata ndi mphatso za Khirisimasi zinkafika m'midzi pachileyi. Wamtengatenga womaliza woyenda ndi agalu, Chester Noongwook wa ku Savoonga, anasiya ntchitoyo mu 1963. Mu 1925, matenda a diphtheria atabuka ku Nome, oyendetsa 20 ndi agalu pafupifupi 150 analandirana mankhwala kuchokera ku Nenana, makilomita 1,085 m'masiku asanu ndi theka. Ana amene anapulumuka chaka chimenecho anapulumutsidwa ndi agalu ngati Togo ndi Balto.

Chondidetsa nkhawa ndi mphika wa msuzi uja. M'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Yukon, monga Tanana ndi Fort Yukon, agalu akhala akudalira nsomba za salimoni za mtundu wa chum, zogwidwa chisanu chisanayambe n'kuyanikidwa pathandala kuti zifike chaka chamawa. Kuyambira 2020 nsombazi zachepa kwambiri, ndipo mu 2021 boma linatseka ngakhale usodzi wa ndiwo zapakhomo. Chakudya cha agalu cha m'matumba chimachita kubwera pandege kapena pabwato, mtengo wake wosayamba. Anthu akufuna kwabwino anasonkha matumba, komabe mabanja ena anachepetsa agalu awo. Khola likatha, luso lomwe agogo ankasiyira adzukulu limapitira limodzi.

Kwina agalu sasowa chakudya, koma amasowa mpumulo. Ku Rovaniemi, m'dziko la Finland, komwe alendo amakhamukira kukaona mudzi wa Santa Claus, masabata a Khirisimasi ndi pamene agalu amakoka kwambiri, ulendo uwu ukatha wina wayamba. Kukweza alendo si kulakwa. Ndi ndalama zimenezo zomwe zimadyetsa makola ambiri chaka chonse. Koma tisaiwale za ku Whistler, ku Canada, komwe mu Epulo 2010 agalu oposa 50 okoka alendo anaphedwa malonda atatsika, masewera a Olimpiki atangotha. Anthu atakwiya, chigawo cha British Columbia, komwe kuli Whistler, chinakhazikitsa malamulo osamalira agalu okoka chileyi mu 2012.

Mlendo amene walipira ndalama zambiri kuti akwere chileyi pa Khirisimasi ali ndi ufulu wofunsa, ndipo ndikanakonda akanamafunsa asanakwere. Agalu awa amapuma masiku angati pasabata? Chipale chikasungunuka mu Meyi, alendo atapita, amadya chiyani? Nanga galu akakalamba, miyendo itasiya kukoka, amapita kuti? Mwini khola wosamala amayankha mafunso amenewa mosanyinyirika, ndipo kawirikawiri amakutengera kukaona nkhalambazo.